Jerusalem ndi likulu la yani, ndipo kazembe akhale kuti?

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe:

Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha amene amatsatira za ubale wa maiko kuti andimasulire nkhani iyi. Mu Seputembala 2020, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti Malawi adzatsegula ofesi ya kazembe mumzinda wa Jerusalem, ndipo mu Novembala chaka chomwecho nduna yoona za kunja, a Eisenhower Mkaka, inapita ku Israel kukabwereza lonjezolo. Koma ofesiyo itatsegulidwa mu Epulo 2024, inatsegulidwa ku Tel Aviv. Kuchoka ku Tel Aviv kukafika ku Jerusalem ndi ulendo wa ola limodzi pa galimoto. Nanga n'chifukwa chiyani maiko amakangana chonchi pa za kumene nyumba ya kazembe iyenera kumangidwa?

Mphunzitsi wopuma, Dedza:

Mayi, nkhani siili pa kutalika kwa msewu. Dziko likaika kazembe wake mumzinda, limakhala likuvomereza kuti mzindawo uli m'manja mwa boma limene kazembeyo watumidwako, ndipo pa Jerusalem maiko ambiri akhala akupewa kuvomereza zimenezo kwa zaka zoposa 70.

Gwero lake ndi pa 29 Novembala 1947, pamene msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza chigamulo nambala 181, chogawa dera la Palestine, limene linkalamulidwa ndi Britain, kuti pakhale dziko la Ayuda ndi dziko la Aarabu. Maiko 33 anavomera, 13 anakana, ndipo 10 sanakhale mbali iliyonse. M'dongosolo limenelo Jerusalem, pamodzi ndi Bethlehem ndi midzi yozungulira, sanapatsidwe kwa aliyense wa awiriwo: anayenera kuyendetsedwa ndi United Nations kwa zaka 10, kenaka anthu okhalamo afunsidwe maganizo awo. Atsogoleri a Ayuda anavomera ngakhale kuti kusiya Jerusalem kunawawawa, pamene atsogoleri a Aarabu anakana kugawa konseko. Zimene zinalembedwazo sizinachitike, chifukwa nkhondo ya 1948 inagawa mzindawo mwa njira yake. Israel anatenga mbali ya kumadzulo, Jordan anatenga ya kum'mawa pamodzi ndi mzinda wakale wa m'kati mwa linga, ndipo pangano losiya kumenyana la 1949 linajambula mzere pakati pawo. Mu Disembala 1949 United Nations inanenanso kuti mzindawo ukhale wa maiko onse, koma m'mwezi womwewo nduna yaikulu ya Israel, David Ben-Gurion, analengeza kuti Jerusalem ndi likulu la Israel ndipo anasamutsirako nyumba ya malamulo. Jordan naye analumikiza mbali yake ku ufumu wake mu 1950. Onse awiri anachita zosemphana ndi chigamulo cha 1947, ndipo akazembe ambiri anangokhala ku Tel Aviv ndi ku Amman kudikira tsiku limene nkhaniyi idzathe.

Mkulu wa mpingo, Dowa:

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ayambira pafupi kwambiri. Mfumu Davide inakhazika mpando wake mu Jerusalem zaka pafupifupi 3,000 zapitazo, ndipo Ayuda, kulikonse kumene anabalalikira, ankapemphera atayang'ana kumeneko. Ndisiye za Baibulo, popeza ndikudziwa kuti si onse pano amene angazilandire ngati umboni, ndinene zooneka ndi maso. Nyumba ya malamulo ya Israel ili ku Jerusalem, khoti lalikulu lili komweko, Pulezidenti ndi nduna yaikulu amakhala komweko, ndipo akazembe amene amagona ku Tel Aviv amakwera phiri kupita ku Jerusalem kukapereka makalata awo a ukazembe ndi kukakumana ndi nduna. Kodi kumeneko si kudzinamiza? Ife tinasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo palibe kazembe amene anakakamira ku Zomba n'kumati sakuvomereza. Dziko lililonse limasankha lokha likulu lake.

Tisaiwalenso kuti pa zaka 19 zimene Jordan ankalamulira mzinda wakale, Ayuda onse a m'dera lawo la m'kati mwa linga anachotsedwamo, masunagoge ambiri anawonongedwa, ndipo Ayuda a ku Israel sankaloledwa kukapemphera pa khoma la kumadzulo, lotsala la bwalo la kachisi wawo wakale, ngakhale kuti pangano la 1949 linalonjeza zimenezo. Amene amafuna kuti mzindawo ugawidwenso atiuze kaye ngati akufuna kubwezeretsa zoterozo.

Wophunzira malamulo, Zomba:

Bambo mkulu wa mpingo, mfundo yanu ya zaka 19 zija ndi yoona ndipo sindikuitsutsa. Pa za Lilongwe pokha ndi pamene tikusiyana, chifukwa Lilongwe anali m'kati mwa malire amene palibe dziko lina linkawatsutsa. Dziko lili ndi ufulu wosankha likulu pa nthaka yake, koma mkangano wa Jerusalem ndi wakuti nthakayo ndi ya yani, ndipo funso limenelo silingayankhidwe ndi mbali imodzi yokha.

Mu Juni 1967, pa nkhondo ya masiku 6, Israel analanda mbali ya kum'mawa. Mzinda umene Jordan ankayendetsa unali waung'ono, pafupifupi masikweya kilomita 6, koma asanathe mwezi womwewo Israel anafutukula malire a mzinda n'kulowetsamo malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 70 a West Bank, dera la kumadzulo kwa mtsinje wa Yordano, kuphatikizapo midzi yambiri ya Apalestina imene kale sinkawerengedwa ngati Jerusalem, ndipo anaika malamulo ake pa dera lonselo. Choncho munthu akamati Jerusalem wosagawika, akunena za malire amene anajambulidwa mu 1967, osati a m'nthawi ya Davide. Lamulo limene maiko anagwirizana nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha ndi lakuti malo salandidwa ndi nkhondo, kaya nkhondoyo anaiyamba ndani, ndipo chigamulo 242 cha Security Council, nthambi ya United Nations yoona za chitetezo, cha mu Novembala 1967 chinayamba ndi mfundo yomweyo.

Pa 30 Julayi 1980 nyumba ya malamulo ya Israel inakhazikitsa lamulo lakuti Jerusalem yense, wolumikizidwa, ndiye likulu la dzikolo. Pa 20 Ogasiti, Security Council inayankha ndi chigamulo 478, chimene maiko 14 anavomera ndipo America sinavote mbali iliyonse, kutanthauza kuti inali ndi mphamvu yochiletsa koma inachilola kudutsa. Chigamulocho chinati lamulo la Israel lija n'lopanda mphamvu, ndipo chinapempha maiko amene anali ndi maofesi a akazembe mumzindamo kuti awachotse. Analipo 13, dziko la Netherlands ndi maiko 12 a ku Latin America, ndipo onse anasamuka. Costa Rica ndi El Salvador anabwererako m'zaka za m'ma 1980, koma nawonso anachoka mu 2006. Chigamulo 478 sichinafafanizidwe mpaka lero, ndipo ndi chimene aliyense wotsutsa lonjezo la boma lathu la 2020 ankatchula.

M'bale wa ku Mangochi:

Ndikuthokoza achimwene a ku Zomba. Ndikufuna kuonjezera mbali ziwiri zimene zimasowa nkhaniyi ikamakambidwa m'dziko muno, kumene nthawi zambiri imakambidwa ngati ya Ayuda ndi Akhristu okha.

Yoyamba ndi ya mzikiti wa Al-Aqsa, umene kwa ife Asilamu ndi wachitatu pa kupatulika, pambuyo pa Makkah ndi Madinah, ndipo ndi kumene Asilamu oyambirira ankayang'ana poswali. Bwalo limene pali mzikitiwu ndi lomwelo limene Ayuda amalilemekeza ngati malo a kachisi wawo. Israel atalanda mzinda wakale mu 1967, nduna yake ya zachitetezo, Moshe Dayan, inasiya bwalolo m'manja mwa Waqf, bungwe la Chisilamu limene limalipiridwa ndi boma la Jordan, ndipo mgwirizano unali wakuti Asilamu aziswalipo, ena azifikapo ngati alendo, Ayuda azipemphera pa khoma la kumadzulo lija, kumunsi kwa bwalolo. Pangano la mtendere la Israel ndi Jordan la 1994 linavomereza udindo wapadera wa ufumu wa Jordan pa malo opatulika a Chisilamu, ndipo mu 2013 Mfumu Abdullah II ya Jordan ndi mtsogoleri wa Apalestina, Mahmoud Abbas, anasainirana pangano lotsimikiza udindowo. Malo amenewa akagwedezeka, dziko lonse la Chisilamu limagwedezeka. Munthu wina wa ku Australia atatentha mbali ya mzikitiwu mu Ogasiti 1969, atsogoleri a maiko a Chisilamu anakumana ku Rabat mwezi wotsatira, ndipo pa msonkhano umenewo ndi pamene panabadwira bungwe la maiko a Chisilamu la OIC. Ariel Sharon, mtsogoleri wa chipani chotsutsa boma ku Israel pa nthawiyo, atakwera pabwalolo ndi apolisi ambiri pa 28 Seputembala 2000, kunabuka chipwirikiti chimene chinatenga zaka ndi miyoyo yambiri mbali zonse ziwiri.

Yachiwiri ndi ya anthu. Apalestina ndi oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu okhala mu Jerusalem, koma ambiri mwa iwo si nzika za Israel. Ali ndi chiphaso chongowalola kukhala, chofanana ndi chimene mlendo amapatsidwa, ngakhale kuti makolo awo anabadwira momwemo. Amalipira misonkho ndipo akhoza kuvota pa chisankho cha khonsolo ya mzinda, koma savota pa chisankho cha nyumba ya malamulo, ndipo munthu akakhalitsa kunja chiphasocho chikhoza kulandidwa, monga zachitikira kwa anthu oposa 14,000 kuyambira 1967. Pa nthawi yomweyo Aisraeli oposa 200,000 akukhala m'madera amene anamangidwa kum'mawa kwa mzere wa 1949. Bambo a ku Dowa afunsa ngati tikufuna kubwerera ku zaka zimene Ayuda ankatsekeredwa kunja. Ine sindikufuna zimenezo, koma ndikufunsanso ngati mzinda umene anthu ake ali ndi ufulu wosiyana chonchi ungatchedwe wolumikizidwa.

Katekisiti wa ku Mua:

Pali chinthu china chimene chikuonetsa kuti dongosolo la 1947 silinafe kwathunthu m'mabuku a akazembe. Maiko monga Britain, France, Italy, Spain, Belgium, Sweden, Greece ndi Turkey ali ndi maofesi a consulate, ang'onoang'ono poyerekeza ndi ofesi ya kazembe, mu Jerusalem amene sali pansi pa akazembe awo a ku Tel Aviv, ndipo akuluakulu a maofesiwo sapereka makalata awo kwa Pulezidenti wa Israel. Amagwira ntchito ngati kuti mzindawo ukadali woima pawokha, ndipo ndi iwo amene amalumikizana ndi boma la Apalestina ku Ramallah. America nayo inali ndi ofesi yotere mpaka mu Malichi 2019, pamene inailowetsa mu ofesi ya kazembe.

Ife a ku Mua nkhaniyi imatikhudza pang'ono kudzera mwa ansembe a White Fathers amene anayambitsa mishoni yathu. Chipani chomwechi ndi chimene chimasamalira tchalitchi cha Anna Woyera m'kati mwa mzinda wakale, pafupi ndi thamanda la Bethesda, kuyambira 1878. Malowo anaperekedwa kwa France ndi mfumu ya Ottoman, ufumu wa Aturuki umene unkalamulira Jerusalem, mu 1856 nkhondo ya Crimea itatha, ndipo mpaka lero ndi katundu wa boma la France. N'chifukwa chake Pulezidenti wa France, Jacques Chirac, mu 1996 anakana kulowa m'tchalitchimo asilikali a Israel okhala ndi zida asanatulukemo, ndipo Pulezidenti Emmanuel Macron anachita zofananazo mu Januwale 2020. Ena anaona ngati ndi matama a Afalansa, koma kwa akazembe chinali chikumbutso chakuti m'kati mwa linga lija, limene silikwana n'komwe sikweya kilomita imodzi, muli maufulu akale a maiko ndi mipingo amene boma lililonse lolamulira mzindawo limawapeza alipo kale.

Chimodzimodzinso ku tchalitchi cha Manda Oyera. Malamulo a mfumu ya Ottoman a 1757 ndi 1852 anagawa maguwa, makonde ndi maola a mapemphero pakati pa Agiriki a Orthodox, Akatolika, Aarmenia, Akoputiki, Asiriya ndi Aitiyopiya, ndipo pangano la Berlin la 1878 linati dongosololi lisasinthidwe. Makiyi a chitseko amasungidwa ndi mabanja awiri a Chisilamu. Vatican, imene poyamba inkalimbikira kuti mzinda wonse ukhale wa maiko onse, tsopano imapempha kuti pakhale lamulo lapadera lotsimikizidwa ndi maiko, loteteza malo opatulika ndi ufulu wa zipembedzo zonse zitatu, ndipo kazembe wake ku Israel ali ndi ofesi ku Jaffa.

Mkulu wa mpingo, Dowa:

Zonsezi ndamva, koma zikungonditsimikizira kuti akazembe akusunga mapepala a dziko limene kulibe. Nanga America sinasinthe kale zimenezi?

Mlongo wa ku Leeds:

Bambo, America inasintha mbali yake, koma maiko ambiri sanaitsatire. Nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa lamulo losamutsa ofesi ya kazembe kalekale mu 1995, koma linapatsa Pulezidenti mphamvu yoimitsa kusamukako miyezi 6 iliyonse pa zifukwa za chitetezo, ndipo Bill Clinton, George W. Bush ndi Barack Obama anakhala akusaina kuimitsako mosadumphitsa. Donald Trump ndiye analengeza pa 6 Disembala 2017 kuti America ikuvomereza Jerusalem ngati likulu la Israel, ngakhale kuti m'mawu omwewo ananena kuti sakugamula za malire a ulamuliro wa Israel mumzindamo, mfundo imene osangalala ndi okwiya omwe sanafune kuimva. Pa 18 Disembala maiko 14 a mu Security Council anavota motsutsa ndipo America inaletsa chigamulocho ili yokha. Pa 21 Disembala nkhaniyo inapita ku msonkhano waukulu, kumene maiko 128 anatsutsa kusinthako, 9, kuphatikizapo America yomweyo, anakugwirizana nako, ndipo 35 sanakhale mbali iliyonse. Malawi anali m'gulu la 35 aja. Ofesi ya kazembe wa America inatsegulidwa pa 14 Meyi 2018, tsiku limene Apalestina oposa 50 anaphedwa pa zionetsero za pa mpanda wa Gaza.

Amene anatsatira ndi owerengeka: Guatemala patapita masiku awiri, Kosovo ndi Honduras mu 2021, Papua New Guinea mu 2023, Fiji mu 2025. Nkhani ya Paraguay ndiyo imandiphunzitsa zambiri. Anasamukira ku Jerusalem mu Meyi 2018, Pulezidenti watsopano anabweza ofesiyo ku Tel Aviv mu Seputembala chaka chomwecho, Israel anakwiya n'kutseka ofesi yake ku Asunción, likulu la Paraguay, ndipo mu Disembala 2024 Pulezidenti winanso anaibwezera ku Jerusalem. Australia inavomereza Jerusalem wa kumadzulo ngati likulu mu Disembala 2018, ndipo boma lotsatira linafafaniza zimenezo mu Okutobala 2022. Dziko limene ofesi yake imasamuka chisankho chikangochitika limataya ndalama ndiponso limakwiyitsa mbali zonse ziwiri mosinthana.

Pa funso la mayi a ku Area 25, maganizo anga ndi akuti boma linaona kuti likhoza kupeza zimene linkafuna kwa Israel popanda kukhala dziko loyamba la mu Africa m'zaka zambiri kuika kazembe ku Jerusalem. Mahmoud Abbas anatumiza nthumwi ku Lilongwe ndi kalata yodandaula mu Novembala 2020, ndipo African Union imanena chaka ndi chaka kuti likulu la dziko la Palestine likhale Jerusalem wa kum'mawa. Ubale wathu ndi Israel sunafunikire umboni wina: unayamba mu 1964, ndipo mu 1973, pamene pafupifupi maiko onse a mu Africa anadula ubalewo, Kamuzu Banda anakana, monganso Lesotho ndi Swaziland. Chakumapeto kwa 2023 achinyamata athu anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo mu Seputembala 2024 Malawi anali mmodzi mwa maiko 14 okha amene anavota mokana chigamulo cha msonkhano waukulu chouza Israel kuti achoke m'madera amene analanda. Dziko limene lavota choncho silingatchedwe lofooka pa ubale chifukwa choti ofesi yake ili ku Tel Aviv.

Mphunzitsi wopuma, Dedza:

Ndionjezere kuti eni akewo, atakhala pansi mozama, sanakambirane za mzinda wosagawika kapena wa United Nations. Pangano la Oslo la 1993, la pakati pa Israel ndi Apalestina, linaika Jerusalem pa mndandanda wa nkhani zodzakambidwa komaliza. Ku Camp David ku America mu Julayi 2000, nduna yaikulu ya Israel, Ehud Barak, ndi mtsogoleri wa Apalestina, Yasser Arafat, analephera kugwirizana makamaka pa za mwini wa bwalo la Al-Aqsa, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Clinton anapereka mfundo yakuti madera a Aarabu akhale a Palestine, madera a Ayuda akhale a Israel, bwalo likhale la Apalestina ndipo khoma likhale la Aisraeli. Mu 2008 nduna yaikulu Ehud Olmert, amene anakhalapo meya wa Jerusalem, anauza Abbas kuti mzinda wakale ndi malo opatulika ozungulira asakhale pansi pa dziko limodzi, koma aziyang'aniridwa ndi asanu: Israel, Palestine, Jordan, Saudi Arabia ndi America. Abbas sanasaine, ndipo Olmert anachoka pampando chifukwa cha milandu ya katangale. Chimene ndimaonapo n'chakuti nduna zazikulu ziwiri za Israel zinavomera kukambirana za kugawana mzindawo, ndiye dziko lakutali likalengeza kuti nkhaniyo inatha limakhala lathamanga kuposa eni ake.

Mkulu wa mpingo, Dowa:

Ngati ndi choncho, tiyeni tigwirizane pa mbali ya kumadzulo. Palibe dongosolo la mtendere limene linanenapo kuti Israel adzachoke kumeneko, ndipo ngakhale Russia inanena mu Epulo 2017 kuti imaona Jerusalem wa kumadzulo ngati likulu la Israel ndi wa kum'mawa ngati likulu la dziko la Palestine la m'tsogolo. Kazembe wathu atakhala kumadzulo, walakwira yani?

M'bale wa ku Mangochi:

Bambo, akanakhala kuti anene mbali zonse ziwiri monga inachitira Russia, ine sindikanadandaula kwambiri. Koma lonjezo la 2020 silinatchule za kum'mawa, ndipo boma la Israel silivomereza kuti pali Jerusalem awiri, choncho ofesi iliyonse yotsegulidwa kumeneko limaiwerenga ngati umboni wa lamulo lake la 1980. Russia yomweyo inasiya kazembe wake ku Tel Aviv.

Wophunzira malamulo, Zomba:

Funso la bambo a ku Dowa ndi lolemera, ndipo akatswiri a malamulo amagawanika pa ilo. Ena amati kumadzulo kulibe vuto chifukwa zigamulo za pambuyo pa 1967 zimadzudzula zochitika kum'mawa, ndipo khoti la United Nations la ICJ ku The Hague, pa malangizo ake a 2004 okhudza mpanda umene Israel ankamanga ku West Bank ndi a pa 19 Julayi 2024, linatchula Jerusalem wa kum'mawa yekha ngati dera lolandidwa, n'kunena mu 2024 kuti maiko ena asavomereze kapena kuthandizira kukhalapo kwa Israel m'deralo. Ena amayankha kuti chigamulo 478 chinalamula kuchotsa maofesi mumzinda woyerawo osasiyanitsa mbali, ndipo maofesi 13 amene anasamuka mu 1980 anali kumadzulo komweko. Maiko ena apeza njira ya pakati: Hungary inatsegula ofesi ya zamalonda mu Jerusalem mu 2019 ndipo Czech Republic inatsegula nthambi ya ofesi yake mu 2021, koma akazembe awo anatsala ku Tel Aviv.

Ngati nkhaniyi idzabwerenso ku Nyumba ya Malamulo yathu, aphungu adzafunse kuti nyumbayo idzamangidwa mbali iti ya mzere wa 1949, ndiponso kuti chikalata cha boma chidzanena chiyani za kum'mawa. Ngakhale funso loyambalo si lapafupi monga likumvekera, chifukwa m'malo ena pangano la 1949 linasiya mizere iwiri yokhala ndi kachigawo kopanda mwini pakati pake, ndipo mbali ina ya ofesi ya kazembe wa America ku Arnona, mu Jerusalem, inamangidwa pa kachigawo koteroko.